Malipiro a Magdalene

Kuno ku Chawama, kuseri kwa msika, kuli nyumba ya malata atsopano imene makoma ake akunja sanapakidwebe simenti. Mwini wake ndi Ndaona Chilekwa, amene ife anansi ake timamutcha Bana Tiwo, kutanthauza mayi wa Tiwo. Ine ndakhala naye moyandikana kuyambira tili atsikana, ndipo zambiri zimene ndikunena pano ndinaziona ndi maso, zina anandiuza yekha tikuchapa.

Bambo ake anachoka ku Dedza ali mnyamata, ulendo uli wa ku migodi. Atafika mu Lusaka anapeza ntchito yonyamula matumba kumafakitale, ndipo sanapitirirenso. Anamwalira Ndaona asanamalize pulayimale. Mayi ake, a Nankhoma, ankagulitsa ndiwo zamasamba pakhomo, koma sizinkakwana. Choncho Ndaona anasiya sukulu nayamba ntchito ya m'nyumba kumayadi, kumene kumakhala anthu a mipanda italiitali ndi agalu.

Nyumba imene anakhalitsapo inali ya Ba Luse ku Woodlands, mayi wogwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Ndaona ankapita wapansi ndi kubwera wapansi, kudutsa njanji, chifukwa akanati azikwera basi malipiro onse akanathera kwa kondakitala. Ali pantchito yomweyo anakwatiwa ndi Nason Chilekwa, mnyamata wa ku Mufulira wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu wa Kafue, ndipo anabereka mwana mmodzi, Tiwo. Ba Luse sanali munthu woipa. Ankamupatsa zovala zimene ana awo asiya, ndi ndiwo zotsala. Koma malipiro ankangokhala pomwepo chaka ndi chaka, ngati mwala wa pamsewu.

M'chaka cha 2012 boma linakweza malipiro otsikitsitsa amene wolemba ntchito ayenera kupereka, ndipo antchito a m'nyumba anawerengedwamo. M'mawa wotsatira njira ya kumayadi inali phokoso lokhalokha. Amayi amene masiku onse ankayenda chete, mitu ili pansi, tsiku limenelo ankaseka ndi kuombana m'manja. Ndaona anafika pantchito akumwetulira, napeza Ba Luse atakhala patebulo, tiyi atazizira.

"Ndaona, wamvela vamene bakamba pa wailesi?" anatero Ba Luse.

"Namvela, ba madamu."

"Ine siningakwanise. Na ine nili chabe wanchito monga iwe. Uzibwela pa Mande na pa Chisanu chabe."

Patapita miyezi ingapo Ba Luse anaitanitsa mwana wa mchimwene wawo kumudzi, woti azigwira ntchito zonse ndi kulipidwa chakudya ndi pogona. Ntchito ya Ndaona inathera pomwepo. Anabwera kunyumba ndi thumba la zovala zakale, nalitaya pakona. Chimene ndimakumbukira n'chakuti sanatukwane Ba Luse. Anatukwana lamulolo. Anati anthu olemba malamulo amakhala m'maofesi ozizira, sadziwa kuti akakoka chingwe uko, kuno kukomboni wina amagwa.

Anayesa kukazinga vitumbuwa, koma mumzere wathu wokha okazinga anali kale ambiri. Kenaka anayamba kulawirira kumafakitale, kukaima pageti pamodzi ndi khamu la anthu odikira ganyu. Masiku ambiri kapitawo ankatuluka, kuloza anthu ochepa, n'kutseka geti. Tsiku lina chala chinaloza iye. Inali fakitale ya mabisiketi, ntchito yake kulongedza m'makatoni. Manja ake anali ofulumira, ozolowera kupinda zovala za eni, ndipo chaka chisanathe anamulemba ntchito yokhazikika.

Fakitaleyo inkalipira monga mwa lamulo, kuphatikizapo ya nyumba, ya basi ndi ya chakudya cha masana. Mwezi woyamba Ndaona anakwera basi popita ndi pobwera. Anandiuza kuti anakhala pawindo n'kumayang'ana amayi oyenda pansi m'mbali mwa msewu, akudziwa mmodzimmodzi ndi dzina, ndipo sanadziwe ngati awabayibitse kapena abise nkhope.

"Lamulo lamene linanichosa nchito ndiye lanikwezeka basi," anatero. "Manje nilitukwane olo niliyamike?"

Sanalemere, ayi. Chimene chinasintha n'chakuti ankadziwa tsiku limene ndalama ibwere ndi kukula kwake, ndipo munthu wodziwa zimenezo amatha kulinganiza za mawa. Analowa chilimba ndi anzake a pantchito, aliyense kusonkha mwezi ndi mwezi, n'kumalandira mosinthana. Itafika nthawi yake anagula firiji yaikulu, nayamba kuumitsa madzi otsekemera m'timapepala, amene ana a sukulu amayamwa pa dzuwa. Malipiro atakwezedwanso patapita zaka, iye ndi Nason anagula kanyumba kakale ka zidina, n'kumakagwetsa khoma limodzi, kumanga la mabuloko, kudikira, kugwetsanso lina. Tiwo anamaliza sekondale osathamangitsidwapo chifukwa cha fizi, nakalowa sukulu ya unamwino.

Tiwo ndiye anabweretsa mawu akuti bapakati. Tsiku lina atabwera kutchuthi anayang'ana firiji, mipando ndi babu la magetsi, nati, "Ba mami, muziba kuti ise manje ndise bapakati? Sitili bapamwamba, koma pansi tinachokapo."

Ndaona anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma pambuyo pake anandiuza kuti mawuwo anawasunga. Kwa iye wapakati ndi munthu amene akadwala mlungu wathunthu, poto wa pakhomo pake sagona chafufumimba. Sizinali za galimoto kapena mpanda.

Kenaka a Nankhoma anagwa pampopi. Anali atapita kukatunga madzi, ngakhale ankawaletsa, ndipo anthu anawapeza atagona chammbali, kamwa litapotoka. Anatuluka m'chipatala mbali imodzi itafa, mawu akutuluka movutikira. Ankafunika munthu wowatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwanyamula popita kuchimbudzi. Ndaona akanasiya ntchito, nyumba yonse ikanabwerera kumene inachokera. Choncho anafunafuna munthu.

Anapeza Magdalene Katongo wa ku Kanyama, mayi wamfupi wa mapewa otakata, amene mwamuna wake anapita ku Solwezi kukafuna ntchito n'kusiya kuimba foni. Anali ndi ana awiri. Anapangana pakamwa, monga timachitira kuno, malipiro a kukomboni, amene sayandikira n'komwe zimene lamulo limanena. Palibe amene anaonapo chachilendo. Ndi mmene aliyense amalipirira, ndipo chakudya cha masana ankadya pomwepo.

Tsiku loyamba Magdalene anagwada pakhomo nati, "Mwauka bwanji, ba madamu?"

"Iyayi, imwe! Madamu ali kuti pano? Ine ndine bana Tiwo chabe," anatero Ndaona, akuseka.

Magdalene anaidziwa ntchitoyo msanga. Anaphunzira kukweza nkhalambayo popanda kuipweteka phewa lakufalo, kuipaka mafuta kumsana kuti isatuluke zilonda, ndi kumva mawu ake opotokawo, amene ngakhale Ndaona ankalephera kuwamva. A Nankhoma sankatha kunena chiganizo chathunthu, koma nyimbo za kutchalitchi ankaziimba bwinobwino, ndipo masana tinkamva mawu awiri akuchokera m'nyumbamo, ena okalamba, ena onenepa. Nthawi ya mvula, Kanyama atasefukira, Magdalene ankafika atanyamula nsapato m'manja, matope mpaka m'mawondo, n'kusamba miyendo pampopi asanalowe. Sanajombepo.

Chakumayambiriro kwa 2024 malipiro otsikitsitsa anakwezedwanso. Kufakitale amayi analuluta. Ndaona anatsika basi ndi nkhuku yamoyo kukhwapa, napeza Magdalene kuseri kwa nyumba akuchapa nsalu za nkhalamba.

"Lelo tidya bwino, ba Magdalene! Batikwezela!"

"Namvela pa foni," anayankha Magdalene osadzutsa mutu. "Muli na mwayi, bana Tiwo. Ati na banchito ba mu nyumba babakwezela. Koma ivo ni va kumayadi."

Ananena mopanda mkwiyo, ngati munthu wonena kuti kunja kuli mitambo. Anapitiriza kufinya nsalu. Ndaona anaima pomwepo ndi nkhuku yake, ndipo anandiuza kuti inayamba kumulemera ngati thumba la simenti.

Madzulo, Magdalene atapita, anayambitsa nkhaniyo kwa mwamuna wake.

"Bashi Tiwo, uyu munthu timulipila pang'ono maningi."

"Tinamvelana naye," anatero Nason. "Anakana? Sanakane. Muno mu Chawama nindani alipila va lamulo? Ise sitili kampani, bana Tiwo. Ija ndalama bakuikila ni ya simenti, tinakamba kudala."

"Ine nikwela basi chifukwa cha lamulo. Yeve ayenda na mendo kuchoka ku Kanyama kubwela kusambika amai banga."

"Manje ufuna unkhale boma iwe weka?"

Anakangana mlungu wathunthu, mosakweza mawu, chifukwa nkhalamba inkamva zonse ngakhale sinkayankha. Nason sanali wouma mtima. Ankaona makoma osapaka amene mvula inkawadya, ndipo ankadziwa kuti ntchito yake ya mageti ilibe tsiku lodziwika. Ndaona naye sanali wotsimikiza. Ankati mwina akungofuna kudzionetsa ngati wapamwamba. Tiwo, amene anali atangoyamba ntchito pakiliniki ina ku Kaunda Square, ndiye anathetsa mkanganowo polonjeza kuti aziikapo kangachepe mwezi uliwonse.

Kumapeto kwa mwezi Ndaona anapereka malipiro atsopano. Magdalene anafika pageti, nawerenga ndalamazo, n'kubwerera.

"Bana Tiwo, mwalakwisa. Yapitilila."

"Sininalakwise. Ni yanu. Ndiye mwamene izankhalila."

Magdalene sanathokoze ndi mawu ambiri. Anamanga ndalamayo pansonga ya chitenje, nakhala kaye pansi pakhonde. Mwezi wotsatira anagula matiresi, ana ake anasiya kugona pamakatoni. Anayamba kufika ndi nsapato kumapazi, atatsika basi.

Zikanathera pamenepo bwenzi ili nkhani yokoma yokamba kutchalitchi. Koma chaka chimenecho mvula inakana. Chimanga chinauma m'minda chisanabereke, madzi anachepa kudamu, ndipo magetsi anayamba kuzima tsiku lonse, kubwera kanthawi kochepa anthu ali mtulo. Firiji ya Ndaona inasanduka kabati. Timapepala take tinkasungunuka n'kusasa, mpaka anasiya kupanga. Makina a Nason anagona osalira, ndipo iye ankangopita kumsewu kukakhala ndi anzake, kubwera manja ali m'thumba. Unga wophikira nsima unakwera, makala anakwera, basi inakwera. Zimene anamuwonjezera kufakitale zinamezedwa zonse, n'kutsala dzenje.

Ndaona anapirira miyezi ingapo. Anasiya nyama, anatuluka m'chilimba, masiku ena anabwerera kuyenda pansi popita kuntchito osauza munthu. Koma nyumba yonse tsopano inkadalira malipiro ake okha, ndipo mankhwala a nkhalamba sankadikira. Loweruka lina m'mawa anaitana Magdalene kuseri kwa nyumba. Ine ndinali kuyanika zovala kuseri kwa mpanda wa maluwa, ndipo ndinamva zonse.

"Ba Magdalene, muona mwamene vinthu vilili. Siningakwanise mwezi onse. Muzibwela masiku yatatu pa wiki, nizikulipilani ya masiku yamene ayo, kulingana na lamulo."

Anandiuza pambuyo pake kuti mawuwo akutuluka, anamva ngati akulankhula ndi pakamwa pa Ba Luse, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzifunsa kuti kodi mayi uja naye anagona masiku angati osapeza tulo asananene.

Magdalene anati, "Bwezelani chabe ku yakale ija. Nizisebenza masiku yonse monga kudala. Palibe azaziba."

"Iyayi. Ija yenze yochepa maningi."

"Yochepa, koma yenze kubwela. Iyi ya masiku yatatu na ija yakudala, kusiyana kwake ni kotani? Apa nizankhala pa nyumba masiku yenangu, kuyangana vipupa. Ine sinidya lamulo, bana Tiwo. Bana banga badya unga."

Aka kanali koyamba kumumva Magdalene akukweza mawu. Zimene mayiyo ankanena zinali zoona, ndipo kubwerera ku malipiro akale kukanapepukira aliyense, ngakhale nkhalamba. Koma Ndaona ankaona kuti akangovomera, ndiye kuti mtengo wa tsiku la Magdalene watsika mpaka kalekale, ndipo magetsi akadzabwera palibe amene adzakumbuke kuukwezanso, ngakhale iye mwini.

"Masiku yenangu ayo nizakufunilani ine nchito," anatero pomaliza.

"Kuti?"

"Siniziba. Koma nizafuna."

Magdalene anachoka tsiku limenelo osatsanzika nkhalamba.

Ndaona anafunadi. Anafunsa kutchalitchi, anafunsa kufakitale, anaimitsa ngakhale mkazi wa mwini sitolo ya zitsulo pamsewu. Ambiri ankafuna munthu, koma akamva mtengo ankaseka. Masiku amene Magdalene sankabwera, Ndaona ankasambitsa mayi ake kusanache asanapite kuntchito, ife a chigwirizano cha amayi tinkasinthana kukawatembenuza masana, ndipo Nason, amene mwa mwambo sayenera kuyandikira apongozi ake, anayamba kuwadyetsa phala ndi sipuni, nkhope atayang'ana kumbali. Poyamba nkhalamba inkatseka pakamwa chifukwa cha manyazi. Njala itakula inatsegula.

Mwayi unadzera kwa Tiwo. Namwino wamkulu pakiliniki yawo, Ba Sophie Mwewa, anali ndi bambo awo odwala matenda omwewo, ndipo antchito awiri anali atathawa kale. Magdalene anapita kukayesa. Kuchokera ku Kanyama kukafika ku Kaunda Square ndi mabasi awiri, koma Ba Sophie atamuona mmene anakwezera mdalayo pabedi, anati za basi azilipira okha. Kwa miyezi iwiri Magdalene anagawa mlungu pakati, uku ndi uko, ndipo nkhope yake inayamba kumasuka. Iye ndi Ndaona anayambanso kuseka, ngakhale za Loweruka lija sanazitchulenso.

Tsiku lina Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, Magdalene anabwera atavala diresi, wanyamula shuga ndi buledi. Anakhala pamkeka pafupi ndi nkhalamba nthawi yaitali asananene chimene anadzera.

"Bana Tiwo, ba Sophie bafuna nizisebenza kwao wiki yonse. Bazanilipila kupitilila na lamulo. Bati banipezela na ka nyumba ku Mtendere, pafupi. Kulibe manzi yoloba mu nyumba kuja." Anaweramitsa mutu. "Sininayankhe. Nati niyambe nakamba na imwe, ndimwe munanipeleka."

Ndaona anayang'ana mayi ake, amene anali atagwira chala cha Magdalene ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Yendani," anatero. "Mukakana nizakukalipilani."

Anatuluka kukaika madzi a tiyi pambaula, ndipo anakhalitsa kunjako kuposa mmene madzi amatengera kuwira.

A Nankhoma anamva zonse. Kwa masiku angapo anatembenukira kukhoma, osaimba, osalandira phala ngakhale kwa Nason. Ndaona ankabwera kuntchito atatopa n'kukhala pambali pawo, kuwanyengerera ngati mwana. Tsiku lina nkhalamba inayesetsa kulankhula, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti, "Wamuthamangitsa." Ndaona sanadziteteze. Anangowapukuta pakamwa.

Ndinamufunsa nthawi ina ngati sadandaula. Akanavomera malipiro akale aja, bwenzi Magdalene akadali pano, mayi ake akuimba, iye akugona mokwanira.

"Masiku yenangu nidandaula," anayankha. "Maka-maka kuseni, pamene nibanyamula msana unibaba. Nimakamba kuti, Ndaona, unafuna kunkhala wolungama na ndalama yamene ulibe. Koma nikaganiza futi, ine bananikweza na lamulo, sibananikweze na chifundo. Manje ine nikwele, nikafika pakati nichose makwelelo?" Anaseka pang'ono. "Kapena ni kupusa chabe. Siniziba, mwandi."

Mvula ya chaka chotsatira inagwa bwino, ndipo magetsi anayamba kukhalitsako. Nason anabwerera ku mageti ake, firiji inayambanso kulira. Apa vuto linabuka lina: wodyetsa nkhalamba masana panalibenso. Mbiri inamveka mumzere, ndipo m'mawa wina panafika mayi wachitsikana, dzina lake Kumbu, wochokera kukomboni ya George, mwana ali kumsana. Anati wamva kuti pano pakufunika munthu.

"Iliyonse yamene muzanipasa nizalandila, ba madamu," anatero. "Olo ni ya unga chabe."

Nason anayang'ana mkazi wake. Ndaona anamulowetsa mayiyo m'nyumba, namuonetsa nkhalamba, namufotokozera ntchito yonse osabisa zonyansa zake. Kenaka anamuuza mtengo wa tsiku limodzi monga lamulo linenera, nati pakali pano angakwanitse masiku awiri okha pa mlungu, ena adzawonjezera firiji ikabweza zimene inataya. Kumbu anafunsa kawiri ngati wamva bwino mtengowo. Atatsimikiza, anafunsa ngati angamabwere ndi mwanayo.

Amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi. Masiku enawo timathandizana monga kale, ndipo Tiwo akapuma kuntchito amabwera kudzagona. Kumbu sanaizolowere ntchitoyo, amaopa kukweza nkhalamba yekha, ndipo kawiri konse wapsereza phala. A Nankhoma sanamulandirebe. Koma mwana uja akayamba kukwawa pamkeka kulunjika kwa iwo, amatambasula mwendo wawo wamoyo kumutchingira kuti asafike pambaula.